Kudula moulding yaitali m'mwamba osabenthula: Morsø, mitre saw kapena pamanja?

Mu June chaka chatha kunabwera akulu ena ku galaja komwe ndimagwirira ntchito ku Rosettenville kuno ku Joni, atanyamula jezi ya Orlando Pirates ya nthawi ija Gabadinho Mhango ankagoletsa zigoli kumeneko, akuti achimwene mundiikire mu felemu yagalasi ndikufuna ikakhale pabalaza kunyumba ku Zomba. Jezi siili ngati setifiketi yoti mungoipanikiza ndi galasi ayi, imafuna felemu yakuya ngati kabokosi kuti nsalu isakhudze galasi, ndiye ndinakagula moulding yakuda yonyezimira, mtengo uja wosemedwa kale wopangira mafelemu, m'mwamba mwake 70mm koma m'lifupi 20mm yokha basi. Nditaiyimika pa mitre saw, makina amagetsi odulira makona, ndi bledi yomwe inabwera ndi makinawo, kudula koyamba komweko penti wakudayo anabenthuka kumbuyo kwa kona ngati mbale yadothi yagwa pansi, thabwa loyera kuonekera mbee pakati pa zakuda. Ndinayesa mbali inayo, chimodzimodzi. Mmene ndimati ndisiye kaye, theka la mtengo wa mamita atatu linali litapita, ndipo ndalama yake inali yotuluka m'thumba mwanga.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa njira zosiyanasiyana, zina pa zida zanga zina pa zida za anzanga ku Booysens ndi ku Selby komwe kuli mashopu akuluakulu, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona chifukwa abale ambiri ochokera kumudzi ayamba ntchito ya mafelemuyi kuno ku Joni ndipo funso limakhala lomweli.

Choyamba timvetsetsane chifukwa chake moulding yaitali imavuta kuposa yaifupi. Chitsulo chilichonse chodulira, kaya ndi mpeni kaya ndi mano a sowo, sichibenthula pomwe chikulowa, chimabenthula pomwe chikutulukira, chifukwa kumeneko ulusi wa mtengo ulibe chouchirikiza kumbuyo ndiye m'malo moduka umangothyoka nkutenga penti yemwe. Moulding yaifupi imagona phee pa tebulo. Yaitali imaima ndi phazi laling'ono, ndipo pansi pake pali kamsewu kaja kolowa galasi komwe timati ribeti, ndiye kunena zoona yaima ndi mwendo umodzi, bledi ikangoikhudza imapendekeka pang'ono kapena kunjenjemera. Kupendekeka kumeneko pa moulding ya 15mm simungakuone nkomwe. Koma pa 60mm, digiri imodzi yokha yopendekeka imapereka mpata wa pafupifupi 1mm, ndipo poti pa kona pamakumana mitengo iwiri mpata uja umakhala 2mm, woti ndalama yachitsulo nkulowa. Ndiye mavuto alipo awiri amene amayendera limodzi, kubenthuka ndi kona yosatseka, ndipo njira iliyonse yomwe nditchule apa muiyeze pa zonse ziwirizi.

Tiyambe ndi Morsø poti ndi imene aliyense amailota. Awa ndi makina a ku Denmark, ali ndi mipeni iwiri yokhala ngati V, mumaponda ndi phazi mipeni ija nkutsika kudula makona onse awiri kamodzi. Safuna magetsi, satulutsa fumbi, sasokosa, zomwe kwa munthu wogwira ntchito kuseri kwa nyumba ya lendi ndi nkhani yaikulu chifukwa a landilodi sabwera kudzagogoda. Mu 2023 muja tinkakhala pa stage 6 magetsi kuzima maola ambirimbiri pa tsiku, mnzanga wina wa ku Mangochi amene ali ndi Morsø yakale ku Turffontein ntchito yake sinaime ngakhale tsiku limodzi pomwe enafe tinangokhala manja lende. Ikakhala yonoledwa bwino ndipo mtengo ndi wofewa ngati obeche kapena pini, pomwe yadulapo pamasalala ngati galasi, palibe sowo yomwe ingafikepo. Siidula kamodzi nkamodzi, mumaluma pang'onopang'ono, kukankha chogwirira chija notchi imodzi imodzi, ndipo notchi yomaliza ndi yaing'ono kwambiri yongometa. Anthu amene amadumpha manotchi pofuna kufulumira ndi amene amabenthula.

Koma pa moulding yaitali Morsø ili ndi polekezera pake. Pa pepala amalemba kuti imadula mpaka 160mm m'mwamba ndi 100mm m'lifupi, ndipo nzoona mtengo umalowa, koma kulowa ndi kuduka bwino ndi zinthu ziwiri. Mpeni umakankhira pansi ndi mphamvu yonse ya mwendo wanu, ndiye kamlomo ka pamwamba pa ribeti ngati simunakachirikize ndi tizitsulo tija tiwiri tochirikizira kamathyoka, ndipo msana wa moulding kumunsi komwe mpeni ukutulukira ndi komwe kumabenthuka. Mitengo yolimba ngati oak kapena kiaat, amene kwathu timati mlombwa, imafuna mwendo wamphamvu komanso imabunthitsa mipeni msanga. Ma moulding aja okutidwa ndi gesso, choyera chija chokhala ngati laimu chomwe amapaka pansi pa golide kapena penti, chikakhala chokhuthala chimanyenyeka pa mpeni ngati chigumu chouma. Aluminiyamu ndiye musayese nkomwe, muwononga mipeni. Komanso mipeni yake siyonolera pa mwala wa pakhomo ayi, imafuna onola odziwa kuisema mwa khwawa monga inabwerera ku fakitale, ndipo mumayenera kukhala ndi ma seti awiri kuti ina ikapita konola ina izigwira ntchito. Onjezani kulemera kwake, pafupifupi makilo 90, kwa ife osamukasamuka lero Yeoville mawa Mayfair si katundu wokwera naye taxi. Yakale yomwe pa Facebook Marketplace mtengo wake ndi woti mungagule mitre saw yabwino ndi bledi zingapo nkutsala chenji. Ine ndimati Morsø ndi ya munthu amene ali ndi malo okhazikika ndipo maoda ake ambiri ndi mafelemu wamba a mitengo yofewa. Ngati ntchito yanu yambiri ndi mabokosi akuya ndi ma floater, mafelemu a kanvasi osiya kampata kuzungulira chithunzi, musathamangire.

Tsopano mitre saw, yomwe ambirife tili nayo kale, kaya Makita kaya DeWalt kaya Bosch kaya Ryobi. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu amataya mtima msanga pomwe vuto si makinawo. Bledi yobwera ndi makina nthawi zambiri imakhala ya mano 24 mpaka 40, anaipangira kudula matabwa a denga, osati penti wonyezimira. Chotsani imeneyo muisunge ya ntchito zina. Pa makina a 254mm pezani bledi ya mano 80, pa a 305mm ya mano 96 kapena 100. Koma mano ambiri okha si zonse, yang'ananinso mmene manowo apendekera. Pali bledi zomwe mano ake aweramira kutsogolo ngati khasu, zimakoka mtengo nkuudzutsa, ndipo pali zina zolembedwa negative hook, kawirikawiri madigiri 5, zomwe zimapala mtengo uku zikuukanikizira pansi ndi ku fensi, chitsulo choima chomwe mtengo umatsamira. Yachiwiriyi ndi imene mukufuna. Pa mtengo weniweni mano osongoka mosinthanasinthana aja olembedwa ATB amadula ulusi bwino, pomwe pa pulasitiki, pa gesso ndi pa aluminiyamu olembedwa TCG ndi amene amapirira. Musagule bledi yopyapyala kwambiri, pa moulding yaitali imapindika pakati pa kudula nkusiya kona yokhala ndi mimba. Ndipo musanalipire onani bowo lapakati, zambiri kuno ndi 30mm koma ziliponso za 25.4mm, ndinabwererapo ku shopu kawiri pa nkhani imeneyi.

Bledi ikakhala bwino chotsatira ndi fensi yamatabwa. Fensi yachitsulo ya makina ili ndi mpata waukulu pakati, ndipo nthawi zambiri ndi yaifupi kuposa moulding yanu. Tengani supawood, thabwa lija la utuchi wopanikizidwa, kapena plywood yowongoka ya 18mm, mupange ngati L, ina yogona pa tebulo ina yoima yaitali kuposa moulding, muimange pa fensi ndi masikuluwu, kenako dulani kamodzi pa 45 kumanzere ndi kamodzi kumanja osaimaliza yonse. Tsopano pomwe mano akutulukira, kumbuyo ndi pansi, pali thabwa logwira ulusi uja ndipo mpata wake ndi wofanana ndendende ndi bledi. Chinthu chimenechi sichidya ndalama koma chinasintha ntchito yanga kuposa china chilichonse. Mpata uja ukayamba kukula chifukwa chodulapo kambirimbiri, sunthani thabwalo kapena ikani lina. Mu ribeti namonso lowetsani kathabwa kodzaza bwinobwino kuti moulding iime ndi miyendo iwiri, ndipo muigwire ndi kilampu osati dzanja, chifukwa dzanja limalola kugwedera komwe diso siliona, komanso tizidutswa tating'ono ta pa kona timathawa ngati mwala wa legeni ndiye zala zikhale kutali ndipo magalasi a m'maso muvale.

Kadulidwe kakenso nkofunika. Dikirani mota ifike pa liwiro lonse musanatsitse, tsitsani pang'onopang'ono ngati mukudula keke ya ukwati, ndipo mukafika pansi siyani switchi bledi iime kaye musanaidzutse. Ambiri amabenthula pobwerera m'mwamba, mano akukhudzanso penti kachiwiri. Ine ndimadula kawiri, koyamba ndimasiya 2mm yapadera, kachiwiri ndimangometa ka 2mm kaja, chifukwa bledi ikamameta pang'ono ilibe chouikankhira kumbali. Tepi ya masking pa mzere wodula imathandiza pa penti ndi pa foyilo, koma samalani, pa golide weniweni wopyapyala uja kapena pa foyilo yotchipa tepi imatha kumatuka ndi golide yemwe, ndiye yesani kaye pa kachidutswa ndipo pomatula kokerani cha ku kona osati kuchokera ku kona. Ngati makina anu ndi aja otsetsereka ndipo moulding ikukwana osatsetsereka, mangani loko yake, chifukwa mapaipi aja ali ndi kugwedera kwawo.

Ndipo musakhulupirire manambala olembedwa pa makina. Pa felemu imodzi pali malo 8 odula, ndiye mukaphonya theka la digiri pa malo alionse pomaliza mwaphonya madigiri 4 ndipo kona yomaliza imayasama. Zimitsani magetsi, tsitsani bledi, ikani sikweya pa tebulo muone ngati bledi yaima chilili, sikweya isakhudze mano koma thupi la bledi. Kenako dulani tizidutswa tinayi ta mtengo wotsala mutilumikize ndi tepi muyang'anire ku dzuwa. Mphindi khumi zimenezi zimapulumutsa mtengo wa mamita atatu.

Kuipa kwa mitre saw ndi phokoso, utuchi ponseponse womwe umakonda kukamatirira m'kati mwa galasi, komanso magetsi akathima ndiye basi.

Amene muli ndi table saw, sowo ya bledi yotulukira pa tebulo, pangani sileji, thabwa lotsetsereka lonyamula mtengo, yokhala ndi fensi ya 90 yeniyeni yoloza ku bledi ngati mphuno ya bwato. Ubwino wake ngwakuti ngakhale mbali imodzi ikhale 44.5 inayo ikhala 45.5, ndiye bola mbali imodzi ya kona mwadulira kumanzere ina kumanja, kona imatseka. Malire ake ndi kutalika kwa bledi, ya 254mm imatuluka pafupifupi 75mm mpaka 80mm ndipo thabwa la sileji limadyapo kale, ndiye moulding ya 70mm mwina siikwana choimirira. Mutha kuigoneka chagada nkupendeketsa bledi pa 45, koma apo ubwino uja wa mbali ziwiri kukonzana watha, mwabwerera ku sikweya. Komanso kusuntha mtengo wa mamita atatu pa sileji mu galaja ya galimoto imodzi si zophweka, yambani mwaudula m'zidutswa.

Njira yapamanja anthu amainyoza koma ine ndimailemekeza. Pali sowo za m'felemu yachitsulo zoyenda pa mizati, monga Nobex ya ku Sweden, ndipo yaikulu yake Champion 180 imadula mpaka 180mm m'mwamba, kutalika komwe mitre saw zambiri sizifika. Mano ake ndi ang'onoang'ono, mumasankha bledi ya mano 18, 24 kapena 32 pa inchi, ndipo poti mukuyenda pa liwiro la dzanja mumaona penti akayamba kusweka nkuchepetsa mphamvu. Chinsinsi ndi kusakanikiza, sowo itsike ndi kulemera kwake, ndi kulemba kaye mzere ndi mpeni wakuthwa pa penti kuzungulira mbali zonse musanayambe. Ndi yochedwa, zoona, felemu khumi pa tsiku mapewa amva, ndipo pomwe yadulapo pamakhala timizere ta mano, ndiye imafuna kumalizitsa.

Kumalizitsako ndi komwe akalipentala akwathu amadziwa kale, puleni ndi shooting board, bolodi yometerapo nsonga ya mtengo. Bambo anga aang'ono ankapanga zitseko ndi mafelemu ku Ndirande opanda waya wa magetsi ngakhale umodzi, ndipo makona awo ankatseka chifukwa cha puleni yakuthwa yogonekedwa chammbali. Mumameta tizipalo topyapyala ngati pepala mpaka kona ikhale ndendende. Pa moulding yaitali pali kamsampha kamodzi, mpeni wa puleni ya nambala 5 ndi 50mm m'lifupi, wa nambala 6 ndi 7 ndi 60mm, ndiye moulding ya 70mm ikaima puleni siifika pamwamba. Yankho lake ndi kupanga bolodi yopendekeka pa 45 yomwe azungu amati donkey's ear, moulding nkugona chagada, apo puleni imangodutsa m'lifupi mwake ndipo kutalika kuja kumasanduka ulendo wa puleni. Kankhani kuchokera ku mbali ya penti kulowera m'kati, ndipo kumapeto kukhale kathabwa kochirikiza. Pa mlombwa ndi oak palibe chomwe chimaposa njira imeneyi, ndipo fungo la mlombwa ukamapalidwa limandikumbutsa kwathu nthawi zonse. Pa gesso puleni imabuntha msanga, muzinola pafupipafupi.

Disc sander ya 300mm imagwiranso ntchito yomalizitsayi, makamaka pa gesso pomwe mipeni imalephera. Gwiritsani theka lomwe likuzungulira chotsika, khudzitsani pang'ono nkuchotsa, mukakhalitsa mtengo umapsa ndipo guluu sagwira bwino pa mtengo wopsa. Vuto lake ndi loti mumatha kufupikitsa mbali imodzi osadziwa, ndipo felemu yomwe mbali zoyang'anana sizofanana siitseka ngakhale makona onse ali 45.

Ma moulding a pulasitiki aja a polystyrene adzaza kuno chifukwa ndi otchipa ndipo makasitomala a pa msika wa Lamlungu ku Rosebank sasiyanitsa ndi maso. Amenewa samabenthuka ngati mtengo, amasungunuka. Bledi ikachedwa m'kati m'mphepete mumatuluka ndevu zolimba ndipo foyilo imakwinyika, ndiye apa lamulo lija lotsitsa pang'onopang'ono lisinthe, tsitsani mosazengereza ndi bledi yakuthwa yoyera, ndipo sander musaiyandikize. Guluu wa matabwa woyera uja sagwiranso pa iwo, amafuna wake wa pulasitiki.

Pali njira inanso yomwe ena amaiona ngati kugonja koma ine ndimaigwiritsa ntchito popanda manyazi. Ogulitsa ma moulding ena ali ndi makina akuluakulu a bledi ziwiri, monga a Cassese a ku France, omwe amagwira mtengo ndi mphepo nkudula makona onse awiri nthawi imodzi, ndipo mukawapatsa miyeso amakudulirani nkulipiritsa kangachepe pamwamba. Ikakhala moulding yodula kwambiri ya golide kapena aluminiyamu ndipo oda ndi imodzi yokha, funsani ngati amadula. Muyeso muwapatse wa mu ribeti, muonjezere 2mm kapena 3mm kuti galasi lisapanikizike, ndipo tsegulani pepala muone malo onse 8 odula musanatuluke pa geti, chifukwa shopu ina inandipatsapo mbali imodzi yobenthuka ndipo nditabwerera mawa lake anati mwabenthulira m'njira.

Kanthu kena ka kuno ku Joni komwe kwathu ku nyanja sitinakazolowere ndi kuuma kwa mpweya nthawi yozizira. Tili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo June ndi July mvula kulibe, milomo yomwe imang'aluka. Mtengo nawonso umauma nkukhwinyata m'lifupi, penti wolimba amakhala wosachedwa kusweka m'mawa kukazizira, ndipo felemu yolumikizidwa ndi mtengo wachinyezi mu January imatha kuyasama makona pofika August. Ine moulding ndikagula ndimaisiya masiku angapo mu galaja momwemo, ndipo nthawi yozizira yonyezimira ndimaidula masana dzuwa litafunda.

Ndiye mukandifunsa kuti achimwene ndili ndi ndalama pang'ono ndiyambire pati, ndikuuzani kuti gulani bledi yabwino ya mano 80 musanaganize za makina ena alionse, pangani fensi yamatabwa Loweruka lomwelino, kenako nolani puleni mupange bolodi yometera. Morsø idzabwera maoda a mafelemu wamba akachuluka. Nobex ndi ya amene mukukhala mu fulati ku Hillbrow kapena Berea komwe phokoso silingatheke, kapena amene mumadula zakuya kuposa 100mm.

Jezi ija ndinaimaliza ndi mtengo wachiwiri, bledi yatsopano ya negative hook, fensi ya supawood ndi kathabwa mu ribeti, kudula kawiri kona iliyonse. Ndisanapake guluu ndinadetsa m'mphepete mwa podulapo ndi maka yakuda kuti ngakhale patsale kampata ngati tsitsi pasaoneke zoyera, ndipo polumikiza ndinamanga lamba kuzungulira kumtunda chifukwa misomali ya V ya underpinner, makina olumikizira makona, imalowera pansi ndipo pa 70mm siifika pamwamba ngakhale muisanjikize iwiri. Akulu aja anabwera Lachisanu madzulo, anayendetsa chala pa makona onse anayi, kenako tinaikulunga ndi makatoni ndi bulangete limodzi kuti ikakwere basi ya ku Blantyre ku Park Station m'mawa mwake.